Jekete la Misonkhano

A Sosten anakhuthulira pamkeka sutikesi yachiwiri n'kuyamba kutembenuza zovala za malemu achimwene awo ngati munthu wosankha kaunjika pamsika. Munali malaya oyera otha m'khosi, mabuluku, mataye, ndi juzi lochindikala lija a Laimoni ankavala akamakwera kwawo ku Dambe nthawi yozizira. Jekete lakuda munalibemo.

"Ndinakuuzani kale, alamu," anatero a Callista, mkazi wa malemuyo, ataima pakhomo la kuchipinda, mawu atasasa ndi kulira. "Tinasanthula nyumba yonse tsiku lomwe lija. Likanapezeka bwenzi titawaveka."

A Sosten anagwedeza sutikesi yopanda kanthuyo ngati kuti jekete lingathe kubisala pangodya.

Nkhani ya jeketeyi inali itawawa kale kumanda. A Laimoni Chikungwa, munthu amene kwa zaka zambiri ankakhala tebulo limodzi ndi bwanamkubwa pamisonkhano ya khonsolo, anapita ndi malaya oyera ndi taye basi, ngati mwana wa sekondale, m'kuzizira kwa mwezi wa Juni. Anthu a ku Dambe saona chinthu n'kuchisiya. Ena anati akazi awo abisa, ena anati linagulitsidwa, ndipo mayi wina wa kwaya anachita kulumbira kuti analiona pathupi la munthu wina ku Zalewa. Tsopano a Sosten ndi alongo awo a Jessie anali atatsikira paboma kudzatenga zovala zonse, kuti Lolemba, tsiku lometa, zikagawidwe kwa abale achimuna a malemu ndi ana a alongo awo monga mwa mwambo. Aliyense ankadziwa kuti jekete lija likagwera a Sosten. Amene ankadziwa kwambiri anali a Sosten eni akewo, poti anali atalibwerekapo kamodzi pa ukwati wa mwana wawo, ndipo chivulireni sanasiye kulikumbuka.

Estere, mwana woyamba wa malemu, anali pakhonde akutsuka makapu obwereka ku mpingo amene anthu odzapepesa ankamwera tiyi. Nyumba za khonsolo sizisunga chinsinsi. Munthu akatsokomola kuchipinda, wa pakhonde amati pepani. Anamva zonse, koma za jekete zinalibe malo mumtima mwake. Anali atatopa kutopa kosachoka ndi tulo. Ankangofuna kuti zovalazo zimangidwe, onse akwere galimoto, ndipo Lolemba lifike n'kudutsa iye ali ku Dambe atametedwa pamodzi ndi anzake. Pakuti Lolemba lomwelo dzina lake linali kukaitanidwa ku Blantyre pa intavyu ya ntchito, ndipo iye anali atatsimikiza kuti sapita.

Ntchitoyo inali ya bambo ake.

A Laimoni analowa ku khonsolo ali mnyamata, ngati kalaliki wosunga mafayilo. Anali ndi vuto limodzi: sankatha kuona chinthu chikuchedwa osafunsa kuti chachedwera pati. Fayilo ya munthu wopempha malo ogulitsirapo pamsika ikagona mwezi, iwo ankaitsata tebulo ndi tebulo mpaka aipeze, ndipo kawirikawiri ankapeza kuti ikudikira kusainidwa ndi munthu amene nayenso akudikira kuti woyamba uja asaine. Mabwana anaona kuti bola kungowapatsa ntchito yofunsa mafunsoyo kusiyana n'kuti azifunsa osatumidwa. Choncho anawaika pampando wa wounika kayendetsedwe ka ntchito za khonsolo. Ankayenda m'maofesi ndi m'zipatala zing'onozing'ono, ku Magaleta, ku Dambe, kuona kuti ndani amachita chiyani, ndi kuti ntchito iti ili ndi anthu atatu pomwe ina ilibe ndi mmodzi yemwe. Nthawi ina anakhala pabenchi ya pachipatala china tsiku lonse, fumbi lili mbuu m'nsapato, kungofuna kumvetsa chifukwa chake amayi apakati ankaima pamzere kawiri pa chinthu chimodzi. Akabwerako ankalemba malipoti, n'kuvala jekete lakuda lija kukawawerenga pamaso pa makhansala. Mawu awo anali akuti ntchito imayambira kumapeto: uyambe wadziwa tsiku limene chinthu chikufunika, kenako uwerengere chobwerera m'mbuyo. Ana awo anakula ndi mawu amenewa mpaka kutopa nawo, poti ngakhale ulendo wa kuchigayo unkayambira kumapeto.

Koma pampandowo anali wogwirizira chabe. Anali ndi satifiketi ya Folomu 4 ndi dipuloma yophunzira kudzera m'makalata, ndipo anagwirizira mpaka imvi zinatuluka.

Chaka chino kunalengezedwa kuti mpandowo ukufuna mwini wake weniweni: wa digiri ya za kayendetsedwe ka boma, wodziwa kusanthula ziwerengero pa kompyuta, wotha kulemba lipoti lomveka. Estere anali nazo zonsezo, ndipo anali atakhala pakhomo nthawi yaitali digiri ili m'sutikesi, akuphunzitsa ana a anthu masamu akaweruka kusukulu. Analembera. Sanawauze bambo ake. Ankati awauza mawa, ndipo mawalo linkabwera ndi mawa linzake. Mayina a oitanidwa atafika ku ofesi, a Laimoni anabwera kunyumba, anadya, anamvera nkhani pawailesi, osanena kanthu. Sabata isanathe anagwa pampando wawo ku ofesi, ndipo kuchipatala anangofika kudzatsirizika. Adokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Estere anali ndi dzina lina la matendawo.

Kumaliro, bambo amene anayankhula m'malo mwa khonsolo ananena mawu amene amanenedwa pamaliro aliwonse a munthu wa pantchito, kuti malemu asiya mpata wovuta kuutseka. Anali mawu opanda cholakwa. Koma Estere anaona mitu ingapo ikutembenukira kumene anakhala, ndipo kuyambira pamenepo misozi yake inauma. Ankaona ngati alibe ufulu wolira pamodzi ndi anzake.

A Jessie anatuluka pakhonde ndi ndowa imene sankaifuna, n'kukhala pabenchi. Anayamba ndi zozungulira monga amachitira azakhali: kuzizira kwa chaka chino, kutsika mtengo kwa manachesi, bondo lawo. Kenako anafunsa ngati zinali zoona zimene anamva kumaliro kwa anzawo a malemu a ku ofesi.

"N'zoona, azakhali."

"Ndiye unkafuna azikakhala pati bambo akowo? Pansi?"

Estere anapitiriza kutsuka kapu imene inali itayera kale. A Jessie sanakalipe, bola akanakalipa. Anayankhula motsitsa, maso ali pandowa. Anati iwo sakunena za ufiti, iwo ndi Mkhristu, koma mtima wa munthu wamkulu si chitsa. Anati alongo awo anadzimana, kumayenda ndi nsapato zosokasoka kuti mwana aphunzire, osadziwa kuti akunola mpeni wa khosi lawo lomwe. Anati kumudzi anthu ayamba kale kulozerana, ndipo iye akapanda kuoneka pometa, n'kumveka kuti ali ku Blantyre kulimbirana mpando umene sunazizire, ndiye kuti wawapatsa yekha zoti anene.

"Sindipita, azakhali," anatero Estere. "Ndikwera nanu ku Dambe."

"Ndiye kuti mutu ulipo," anatero a Jessie, ndipo ananyamula ndowa yawo kubwerera nayo m'nyumba ilibe madzi.

A Callista nawo anamva. Estere anawapeza kuseri kwa nyumba akuanula malaya omaliza a malemu, amene anachapidwa kuti akagawidwe ali oyera. Chiyambire maliro, mayi ndi mwana ankayankhulana za shuga ndi nkhuni basi, ndipo Estere ankaganiza kuti akudziwa chifukwa chake. A Callista sanamuyang'ane. Anamupatsa mbali ina ya malaya kuti agwire, n'kufunsa ngati akudziwa amene analemba kuti pampando uja pakufunika munthu wa digiri. Estere anati ndi boma.

"Boma lili ndi dzanja? Ndi bambo ako."

Anafotokoza akupinda malayawo. Chaka chatha kunabwera anthu ochokera ku Lilongwe kudzaunikanso maudindo onse a pakhonsolo, ndipo a Laimoni ndiwo anapatsidwa ntchito yolemba kuti mpando uliwonse umafuna munthu wotani. Atafika pampando wawo, anzawo anawatsina khutu kuti alembe kuti dipuloma ndi zaka zambiri pantchito n'zokwanira. Panalibe amene akanatsutsa. Iwo analemba digiri. A Callista anakangana nawo masiku ambiri, mpaka kuleka kuwasitira malaya.

"Ndinawafunsa kuti ndi munthu wanji amadzitsekera yekha kunja kwa nyumba yake. Akuti, Callista, ntchito ija yandipitirira. Masiku ano akufuna ziwerengero za pa kompyuta, ine ndimachita kudikira Estere kuti andithandize. Ndilembe bodza chifukwa pampandopo ndakhalapo ine?"

Estere anakumbukira masana ambiri a Loweruka, bambo ake atakhala pambali pake magalasi ali pamphuno, akuloza pa kompyuta ndi cholembera, kufunsa kuti mzere uwu wakwera chifukwa chiyani, nanga uwu watsikiranji. Iye ankaganiza kuti akumuyesa ngati ku koleji anaphunziradi. Sanaganizepo kuti munthu amene ankafunsa mabwana mafunso angamafunse chifukwa sakudziwa.

Koma zimenezi sizinamupepuze. Kulemba digiri papepala ndi nkhani ina. Kuona dzina la mwana wako wobala wekha, amene umadya naye tsiku ndi tsiku, atakubisira, ndi nkhani inanso. Anafunsa mayi ake ngati bambo ake ananenapo chilichonse mayina aja atafika.

A Callista anaganiza kaye. Sanali munthu wotonthoza mwana ndi bodza, ndipo mwina n'chifukwa chake anakhalitsa ndi mwamuna wotero.

"Ayi, sananene. Anangondifunsa kuti diresi lako la buluu lija lili kuti, ndinati lili pachingwe. Basi." Anaika malaya omaliza m'beseni. "Bambo ako ndakhala nawo zaka zonsezi, koma za m'mutu mwawo ndinkazimva zitachitika kale. Ine sindikuuza kuti upite kapena usapite. Ndatopa, Estere."

Masana onsewo anathera pa ntchito zosautsa za pambuyo pa maliro. Mabenchi anabwezedwa ku mpingo. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo anabwera kudzafunsa mphika wake waukulu, n'kupezeka kuti unatsala ku Dambe. Kunafika anthu awiri amene anamva uthenga mochedwa, ndipo a Callista anayenera kufotokozanso kuyambira pachiyambi mmene amuna awo anagwera, mawu omwewo amene anali atawanena kambirimbiri mpaka kutha kukoma ndi kuwawa komwe. A Sosten anaika nsapato za malemu pambali, anaziyesa ndi maso, n'kuzibwezera pamulu.

Dzuwa litapendeka, a Sosten akumanga mitolo ndi mphira, pakhomo panamveka odi. Anali a Adam, telala wa pakhonde la sitolo ina kumsika, munthu wochepa thupi, tepi ili m'khosi monga mwa masiku onse, atapanira jumbo yakuda m'khwapa. Anakhala pamkeka, anapepesa, analonjerana ndi aliyense payekhapayekha, ndipo nthawi yonseyi jumboyo sanaiike pansi. Kenako anati ali ndi katundu wa malemu, ndipo malemuwo anawauza kuti abwere naye Loweruka lino, osati Lachisanu, osati Lamlungu.

Anatulutsa jekete lakuda lija.

A Jessie anagwira pakamwa. A Sosten anaimirira, mawu atakwera, kufunsa kuti iwo anali kuti pamene munthu ankapita kumanda ngati wopanda abale. A Adam sanadzuke. Anati anamva ndithu kuti jekete likufunidwa, ndipo kumaliro anafika, anaponyako dothi ngati wina aliyense. Koma tsiku limenelo jeketelo linali zidutswa patebulo lawo, manja kwina, msana kwina.

"Ndikanabwera nazo bwanji zidutswa pamaliro, bambo? Mukanandiona ngati ndani?"

A Sosten analitenga, analikutumula, n'kulowetsa dzanja lamanja. Dzanja lawo linangolowa mpaka pachigongono, n'kukakamira pamenepo. Anayesanso. Kenako analikweza m'mwamba n'kuyang'ana m'mapewa, m'chiuno momwe munali mutalowetsedwa, ndi mabatani amene anali atasamukira mbali inayo. Anali munthu wolidziwa jekete ngakhale analibe lake. Anatulutsa dzanja lija pang'onopang'ono.

"Ili ndi la munthu wamkazi," anatero.

A Adam anavomera ndi mutu. Anati a Chikungwa anabwera nalo m'mawa wina popita ku ofesi, masiku ochepa lisanafike tsiku loipa lija. Malemuwo anati mwana wawo waitanidwa ku intavyu ndipo sangakaime pamaso pa mabwana atavala juzi. A Adam anawalangiza kuti angogula lina pa kaunjika kusiyana n'kuononga jekete labwino chotero, koma anakana. Anati iwo akubwerera ku mafayilo, ndipo mafayilo safuna jekete. Anatinso ili lakhala m'misonkhano yambiri, silichita mantha. Masiku anawawerengera chobwerera m'mbuyo: intavyu Lolemba, ulendo Lamlungu, ndiye kuyesa ndi kusita Loweruka.

Telalayo anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kachingwe ka mfundo zingapo. Ndiwo unali muyeso. Mfundo iyi mapewa, iyi chifuwa, iyi chiuno. A Chikungwa anayesa pa diresi lili pachingwe. A Adam atati bwanji osangobwera naye mwiniwakeyo, anaseka. Anati mwiniwake sanawauze, iwonso samuuza, aone amene ayambe.

Estere anali ataima pakhomo, kapu ili m'manja. Panali funso limodzi lokha limene ankafuna, ndipo linatuluka movutikira.

"Anali okwiya?"

"Okwiya?" A Adam anamuyang'ana ngati sanamve bwino. "Achemwali, munthu uja anandichedwetsa ntchito m'mawa wonse akundiuza za digiri yanu, maphunziro ake, ndi zinthu za pa kompyuta zoti ine sindizimva. Mpaka mayi wina amene ankadikira siketi yake anatopa n'kuchoka."

Apo m'pamene Estere analira. Anakhala pansi pachiundo cha chitseko n'kulira kulira kumene kunamukanika kumanda, kopanda nyimbo, kopanda womugwira. Chinali chisoni, komanso mkwiyo pang'ono, pakuti anthu awiri a m'nyumba imodzi anadikirana ngati mafayilo aja, wina kudikira kuti mnzake ayambe, mpaka mmodzi anachoka. Palibe anamuletsa. Onse anali atatopa kuletsana kulira.

Amene anayamba kuyankhula anali a Jessie. Anafunsa kuti nanga zometa zikhala bwanji, ndipo anthu akanena chiyani. A Sosten anali akadaligwira jeketelo. Analiyang'ana nthawi yaitali, ndipo aliyense ankaona kuti likuwawawa. Munthu sasiya msanga chinthu chimene wachivala kale m'maganizo. Anapukuta kafumbi pakolala ndi chala.

"Tsitsi silithawa," anatero. "Akabwerako tikamumeta yekha. Za anthu, ananena kale za jekete, kodi anatopa?"

A Jessie sanagwirizane nazo, ndipo sanabise. Anatembenukira ku mitolo ija n'kuyamba kumanga mfundo imene inali yomangidwa kale, akung'ung'udza kuti alongo awo anali ovuta ali moyo, ndiye ndani ankayembekeza kuti asintha. Koma sananenenso za mpeni.

A Sosten anapereka jeketelo kwa alamu awo, osati kwa mwana, poti zinthu zili ndi njira yake. A Callista anadzutsa Estere n'kumuveka pamwamba pa bulauzi yake yakuda, chitenje chili m'chiuno, duku lili kumutu. M'mapewa linakwana. M'chiuno linakwana. Pazigongono nsalu inali yonyezimira ndi kutsamira patebulo zaka zonse zija, ndipo linkamvekabe fungo la sopo amene bambo ake ankasambira. Koma manja anapitirira, anaphimba zala zonse.

"Diresi lija ndi la manja aafupi," anatero a Callista.

A Adam anati n'zoona, pa kachingwe kaja mfundo ya mkono panalibe. Anasolola singano pakolala ya malaya awo, nati akhoza kupinda pompo, sizitenga nthawi.

"Pamenepo anati sakudziwa," anatero telalayo. "Akuti ndisiyeko malo, mwanayo akukulabe."

Estere anabweza mkono wake kuti singano isafike. A Callista anagwira dzanja lamanja la jeketelo n'kulipinda kamodzi, kenako lamanzere, mpaka zala za mwana wawo zinaoneka. Atatero anasasa paphewa ndi kuseri kwa dzanja, monga ankawachitira amuna awo pakhomo lomwelo m'mawa wa tsiku la msonkhano, ndipo anafunsa a Sosten kuti galimoto ya ku Zalewa, kokwerera za ku Blantyre, imanyamuka nthawi yanji Lamlungu.